Makala a Magdalene

Amalawi a ku Indiana ankamuseka Magdalene kuti anakwera ndege kudzaotcha makala ku America. Mu labu ya pa yunivesite ku South Bend ankalima ndere m'matanki, n'kuziumitsa, n'kuziotcha m'ng'anjo yotseka mpaka zisanduke makala, kenako n'kuwaumba timibulu. Makala amenewa akawathira m'matope a pansi pa nyanja yamchere amayamwa poizoni wochokera m'mafakitale, kuti asalowe m'nsomba.

Chaka chathunthu cha thukuta chinabala thumba limodzi basi. Kampani ina ya ku Indianapolis inavomera kuyesa makalawo Lolemba. Makalawo akagwira ntchito, kampaniyo imulemba ntchito. Akapanda kutero, viza yake inali kutha mwezi womwewo.

Ananyamuka Loweruka, thumba lili m'buti mwa galimoto, kukagona kwa malume ake a Lucious ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis. Awa ndiwo anamulandira pa bwalo la ndege, n'kumusunga miyezi yambiri osamuwerengera chakudya. Magdalene anapeza pakhomo pali phwando lokumbukira ufulu wa Malawi, magalimoto mpaka mumsewu. Asanakhale n'komwe, azimayi anamukokera kukhitchini kukadula anyezi. Digiri siipulumutsa mwana wamkazi ku anyezi.

"Tabweretsa makiyi, wapaka molakwika," anatero malumewo ali pakhomo.

Anawapatsa ndi manja awiri. Munthu wamkulu safunsidwa mafunso.

Chinamutulutsa panja ndi fungo, fungo la ndere zopserera limene ankalidziwa ngati la zovala zake. Thumba lija linali gada pa kapinga, lopanda kanthu. Azibambo anazungulira mbaula, wina akukupiza moto ndi katoni.

"Makala anatithera," anatero a Lucious mokondwa. "Nditacheka m'buti mwako, ndinati mwanayu ndi waulemu, wabwera ndi ake omwe!"

"Malume, amene aja anali a ku labu. Ndimapita nawo ku kampani Lolemba."

"Aaa, usasitirese iwe. Mawa tikatuluka ku tchalitchi ndikugulira matumba awiri, abwinonso. Akowa ndi abodza, angoti phulusa phulusa."

Azibambo aja anafa nacho chiseko. Magdalene anaima chilili. Mawu anali nawo, ochuluka, achizungu ndi achichewa omwe. Koma ungakalipire bwanji pagulu munthu amene anakugulira jekete lako loyamba la chisanu? Mawa lake Indiana yense akanamva kuti sukulu yamuwononga mwana wa mlongo wawo wa a Lucious.

Malumewo anasankha ntchafu ya nkhuku yaikulu, n'kumuikira m'mbale.

"Idya, mwini makala."

Anapinda maondo pang'ono, n'kulandira.

"Zikomo, malume."

Analuma onse akumuyang'ana. M'kati munali magazi. Nyamayo inali isanapse n'komwe.