Mayina a Kunsi kwa Zitini

Lumo linali lisanamalize mutu wa a Celina pamene a Silasi anatuluka m'nyumba ya malemu akutsimphina, atakweza chitini m'mwamba ngati wansembe pa Misa.

"Bwerani mudzaone! Dzaoneni zimene takhala tikugona nazo m'mudzi muno!"

A Celina anadzuka mutu uli theka, uku mbee, uku imvi zili njoo. Linali tsiku lometa, lachitatu chiikireni m'manda mlongo wawo Gervásio. Iwo anachokera ku Nsadzo pa keliyala ya njinga kudzalira maliro kuno kufupi ndi Mualadzi, kumene malemuwo anakhala pa chikamwini zaka zoposa makumi atatu. A Silasi anali mlongo wamkulu wa namfedwa, a Rosalina, ndiponso mwini mbumba. Chiyambire dzinja mwendo wawo wamanzere unali wotupa ngati mtondo.

"Alamu, mwapeza chiyani?" anafunsa a Celina. "Ngati muli nsomba m'chitinimo, mutu ndi wanga."

Palibe anaseka. M'chitinimo munali mchenga, ndipo pamchengapo panakhala kanthu kobiriwira, kozungulira ngati dzira la nkhanga, minga yokhayokha thupi lonse.

Kanthu kameneka aliyense ankakadziwa. Zitini zinalipo zitatu, pazenera la kuchipinda, ndipo mudzi wonse unkaziwerengera pa misala ya a Gervásio. Bambowa ankamata matayala pa malire a Cassacatiza. Tsiku lina woyendetsa kamiyawu, lole ya katundu, wochokera kutali anawapatsa kapepala ka njere zazing'ono ngati za fodya, nati dzina lake ndi kakito, chomera cha kumene mvula imabwera ngati mlendo wamanyazi. Anafika nazo kunyumba, nakatapa mchenga kumtsinje, nayamba kuukazinga m'phale kuti chuku chife. Tsikulo a Celina analipo.

"Gervásio iwe, njala yafika pokazinga mchenga? Thirako mchere tidye tonse."

Iwo anangomwetulira, paja anali munthu wa mawu owerengeka. Anawaza njerezo pamwamba osakwirira, navindikira zitini ndi mapulasitiki a shuga, naziika pazenera pofika kuwala koma posafika dzuwa la masana. Madzi ankawaza ndi mswachi wakutha, fwaa, fwaa, basi. Zoyamba zinaola zonse chifukwa a Rosalina anazimvera chisoni nazithira chikho chathunthu. "Izi zimafa ndi chifundo, mayi," anatero a Gervásio, nayambiranso. Zachiwiri inajompha nkhuku. Zachitatu zinamera zambiri, timitu tobiriwira ngati mitu ya machesi. Zina anagawira ansembe, natsala ndi zitatu. Zaka zisanu ndi chimodzi, inu, kulera kanthu kosadyedwa, kopanda mthunzi, kosakolezera moto! M'mawa uliwonse asanakwere njinga ankaima pazenerapo, kutembenuza chitini chilichonse pang'ono, milomo ikugwedera. A Rosalina ankati ndi mapemphero.

"Musayang'ane pamwamba," anatero a Silasi. "Yang'anani kunsi. Ine sikola ndinalekera panjira, koma dzina langa ndimalidziwa."

Kunsi kwa chitinicho kunali zolembedwa, zokanda ndi msomali. Anthu anaunjikana, kenaka anabwerera m'mbuyo onse pamodzi ngati nkhuku zaona mthunzi wa kabawi.

"Silasi! Ndi ineyo ameneyu! Munthu kundiika m'chitini, kundibzala minga pamutu, n'kumandinong'oneza m'mawa uliwonse. Mukudabwanso mwendowu? Ku ospitale akuti sakuona kanthu. Angaone bwanji, matenda ali pazenera?"

"Mwendo umenewo, alamu, ndi kachasu watsikira m'munsi. Wasowa malo m'mimba."

"A Celina, pano si pa mowa."

Anatulutsa zitini zina ziwiri naziika pansi pabwalo. Kuseri kwa nyumba moto unali ukuyaka kale, wotentha mphasa imene malemu anaferapo ndi nsanza zawo. A Silasi analoza utsiwo ndi chibwano.

"Zonsezi zipite pamoto. Ndipo abale ake amve lero lomwe kuti tinkasunga munthu wotani. Mwambo wosudzula mlongo wangayu tichita, koma dzina la munthu ameneyu lisadzamvekenso pakhomo pano."

Apa nthabwala zinauma m'kamwa mwa a Celina. Ankadziwa mmene mudzi umasungira nkhani. Zitini zikangopsa, ndiye kuti mlandu watha, Gervásio ndi mfiti mpaka kalekale. Ana adzidzathamanga podutsa pamanda ake, ndipo Marlene, mwana mmodzi yekhayo amene anasiya, adzakhala mwana wa mfiti kulikonse adzapite. Mlongo wawo, amene anamubereka kumsana pothawa nkhondo ya atsamunda, munthu woti nkhuku ankapempha mnzake kuti amuphere!

Anakaima pakati pa a Silasi ndi moto, manja m'chiuno.

"Muyambe mwawotcha ine. Ndine wouma kale, sindivuta kuyaka."

"Chokani, mayi."

"Ndichoka. Koma mlandu sagamula ndi chitini chimodzi. Marlene! Bwera kuno, mwana wa mlongo wanga. Bambo ako anamata matayala zaka zonse zija kuti maso akowo adziwe zilembo. Tiwerengere."

Marlene anabwera maso ali psuu, mpango wakuda kumutu. Ankaphunzitsa ku Tete, ndipo anafika bambo ake atatsekedwa kale m'bokosi. Anagwada, nakweza chitini chachiwiri mosamala.

"Apa alemba kuti Celina."

"Eee!" A Celina anaomba m'manja. "Nanenso ndilimo? Ndiye ufiti wa mlongo wangawu unali wa manja lende. Zaka zisanu ndi chimodzi akundilodza, ine ndikungonenepa."

Mayi wina anaseka, nadzigwira pakamwa.

"Chachitatu alemba António."

"Mwamva?" anakuwa a Silasi. "António ndi bambo ake a malemuyu, omubereka. Ali kuti lero? Si ali kumanda? Ndipo taonani, dzina la mwana wake palibe. Mfiti imadziwa posaponda."

Anthu anang'ung'udza. Marlene anazunguliranso zitini zonse ndi maso, ngati kuti chachinayi chabisala penapake.

"Langa palibedi, atitiya," anatero motsitsa mawu kwa azakhali akewo.

A Silasi anawerama kuti atole zitinizo, munga n'kuwabaya chala. Kadontho ka magazi kanatuluka.

"Ameneyo ndi moni chabe," anatero a Celina. "Marlene, palibenso china? Ndikuona tizilembo tina m'munsimo, tonga mapazi a nkhuku."

"Ndi mwezi ndi chaka. Pa amalume alemba Junyu, 1994."

"Junyu wa chaka chiti chimenecho? Ife manambala a zaka sitisunga."

"Chaka chimene munabwerako ku Zambia, nkhondo itatha."

"Bwereza."

Mawu amenewa anachokera pakhonde. A Rosalina anali atakhala pamenepo chiyambire m'mawa, mutu wometa kale, mawu atasasa ndi kulira kwa masiku atatu. Tsopano anali ataimirira, atagwira nsanamira.

"Junyu, amayi. Chaka chobwerera kuno."

"Nanga chinacho?"

"Celina, Marsu, 1997. Zaka ziwiri ine ndisanabadwe."

"Chimanga chili chiwisi," anatero a Rosalina. "Chomaliza ndi Otubru, iwe uli ndi zaka ziwiri."

Marlene anayang'ana kunsi kwa chitini, nayang'ana amayi ake. "Mwadziwa bwanji? Inu simuwerenga."

A Rosalina anatsika pakhonde pang'onopang'ono, nadzakhala pansi pafupi ndi zitinizo, miyendo atatambasula. Amayi achikulire awiri amene anali pamenepo anayang'anana, nagwetsa nkhope. Iwo anali atazindikira kale.

Paja kwathu kuno mwana akapita asanatuluke m'chikuta, satchedwa maliro. Ndi mtayo. Alibe dzina, alibe bokosi, alibe nyimbo. Amayi okhaokha amamunyamula masana, kukakumba kadzenje kosaya m'mphepete mwa manda, n'kubwerako osalira, kuti mimba ya mayiyo isatsekeke. Bambo sapitako, saonetsedwa malowo, ndipo safunsa. Mawa lake amatenga khasu.

"Woyamba anakhala masiku awiri," anatero a Rosalina, akuyang'ana mchenga wa m'chitini. "Wamwamuna. Wachiwiri wamkazi, sanalire n'komwe. Wachitatu analira usiku umodzi. Marlene, iwe dzina lako palibe chifukwa dzina lako uli nalo. Ukuyenda nalo."

Kuseri kwa nyumba moto unkathetheka.

"Achimwene," anapitiriza osadzutsa mutu, "mwaiwala amene anandikankha pa njinga, mimba yoyamba ija, kuchoka pano mpaka kwa masisitere? Munafika mapazi akutuluka magazi. Madzulo ake bambo a Marlene anandiuza kuti, akakhala wamwamuna ameneyu ndi Silasi. Ine ndinati khalani chete, mwana satchulidwa ali m'mimba. Sanadzatchulenso. Ine ndinkayesa anaiwala."

A Silasi anayang'ana chala chawo chamagazi nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi, pafumbi pomwepo, mwendo wotupa uja atauwongola.

"Anabwera kwa ine," anatero. Mawu anali atachepa. "Tsiku limene amayi anakataya. Anandipeza kumunda, akulira ngati mwana. Ankafuna ndimulozere malo. Ine ndinati, alamu, pukutani m'maso, mwamuna salira mtayo, mukufuna kutitsekera mbumba? Anapukuta. Anandithandizanso kukolola mpaka dzuwa kulowa."

A Celina anakumbukira chaka cha mwana wachiwiri uja, Gervásio atafika ku Nsadzo popanda chifukwa, nakhala tsiku lonse akuwasendera nyemba. Ponyamuka anangofunsa kuti, "Achemwali, mwana wobadwa kumene amakhala ndi tsitsi?" Iwo anamuseka, nati akafunse mbuzi. Lero funso lija linabwerera.

Anagwada movutikira, natola chitini chokhala ndi dzina lawo. Kanthu ka m'menemo kanali kakang'ono kuposa tinzake, kopendekera pang'ono, minga yake yoyera.

"Taonani, imvi ngati ine," anatero. "Ndiwe Celina iwe? Ine ndine atitiya ako. Pepa, mayi, ndachedwa kudzakuona."

Anafuna kuwonjezera kanthabwala, koma sikanabwere. M'malo mwake kunabwera kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, kokoka mawu. A Rosalina analandira. Amayi achikulire aja anayang'anana kachiwiri. Mmodzi anatsegula pakamwa kuti aletse, koma mnzake anamugwira mkono.

"Asiyeni. Mimba yoti itsekeke ili kuti pano?"

Ndiye analira, inu. Analira Gervásio, analiranso atatu aja amene anadikira misozi yawo zaka zonsezi. Marlene anakumbatira chitini cha António pachifuwa, minga ikumukola bulauzi, osasamala.

Kulira kutaphwa, a Silasi anadzuka okha, kukana dzanja limene wina anawapatsa. Anatola chitini cha Junyu ndi manja awiri, natsimphina kulowa nacho m'nyumba. Patapita kanthawi anasuzumira pakhomo.

"Rosalina, ameneyu amakhala mbali iti?"

"Kumanja. Wamkulu amakhala kumanja."

"Sakumva ludzu? Mchengawu wauma gwaa. Ndimuthire madzi?"

"Ayi!" anakuwa a Rosalina ndi a Celina pamodzi.

"Mwendo umodzi wotupa ukukwanira m'banja muno," anawonjezera a Celina akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anabwerera pampando, naloza mutu wawo. "Inu a lumo, dzamalizeni munda wanu. Mlongo wanga ndimulire ndi mutu wonse."

M'mawa mwake a Celina anamanga kamtolo kawo. Wanjinga anali akudikira kunjira. Analowa m'nyumba kuti atsanzike, koma anaima pakhomo la kuchipinda.

A Rosalina anali pazenera. Mswachi wakutha uja unali pamalo pake, pambali pa kabotolo ka madzi, ndipo sanaukhudze. Anagwira chitini cha kumanja ndi nsonga za zala, nachitembenuza pang'ono, kuti mbali imene inagona mumdima ione kuwala. Anatero ndi chachiwiri, anatero ndi chachitatu. Milomo yawo inkagwedera monga inkachitira ya amuna awo, ndipo a Celina, atatchera khutu, anamva.

"Mwadzuka bwanji, Silasi. Mwadzuka bwanji, Celina. Nawenso António, tembenuka, kwacha."