Bowo Lotsiriza pa Buloko

"Chitsulo ichi chituluka lero," anatero Liwiro, akumenya buloko ya injini ndi chikhatho. "Wogula zitsulo ali pageti ndi wilibala yake."

Mayi ake anakhala pa kampando pakhomo la galaja, manja ali pamiyendo. Amuna awo anali atangoikidwa m'manda sabata lomwelo, ndipo ovolosi yawo inali ikadali pamsomali. Liwiro, mwana wawo woyamba, anali makaniko pa galaja ina yaikulu kutali. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, poti chilichonse ankafuna chithe dzulo. Tsopano ankafuna galaja ya malemuyo ikhale mbee kuti alowetsemo munthu wa lendi.

"Muyambe mwatulutsa ine, achimwene," anayankha mlongo wake, amene aliyense ankamutcha Kasipanala chifukwa anakulira pabenchi lomwelo, pambali pa bambo ake.

Galimoto ya injiniyo inali kumbuyo kwawo, yofundika lona, yakale kuposa ana onse awiri. Injini zamtundu wake zinali ndi nthenda imodzi: oyilo ankachedwa kukwera kumtunda, zitsulo n'kumadyana zili zouma. Malemu anaiphwasula yonse, n'kuyamba kukulitsa ndi dirilo tinjira ta oyilo m'kati mwa buloko. Anagwa ntchito ili m'manja.

"Ukudziwa bwino kuti anaiwononga," anatero Liwiro. "Munthu manja akunjenjemera n'kumaboola buloko? Dirilo ikangopatuka pang'ono, yalowa kunjira ya madzi. Chatsala apa n'chitsulo cha pasikelo."

"Mwaiona liti? Chifikireni mwangokhalira kuyeza zipupa."

"Ine ndayeza zipupa, nanga iwe unkatani? Unali pompano. Munthu wodwala unamusiya agwire dirilo, iwe uli chilili ngati mtengo."

"Ndinkawagwirira nyali. Inu munkagwira foni, nayonso osayankha."

"Unawapha ndiwe, ndi chigalimoto chakochi."

Kasipanala anagwira m'mphepete mwa benchi. Mayi anatsinzina. Ambuye, gwirani pakamwa pa ana angawa, anapemphera chamumtima. Atatsegula maso anaona kuti wogula zitsulo uja wavula chipewa n'kutembenukira kumsewu, kuti asaoneke ngati akumva. Anamuthokoza mumtima.

"Amayi, nenani inu," anatero Liwiro. "Ikupita kapena ayi?"

Mayi sankadziwa za injini. Ankangodziwa mwamuna amene anakhala naye.

"Ngati ikupita, ipite," anatero motsitsa. "Koma uitsuke kaye. Bambo ako sankatulutsa chinthu chakuda pakhomo pano, ngakhale chopita kudzala."

"Kutsuka chitsulo choti akasungunule?"

"Tsuka, mwanangu."

Liwiro anatsonya, n'kupinda malaya. Anathira parafini m'beseni mwaukali mpaka wina anatayikira pansi.

"Bulashi ili kuti?"

"Pamene imakhala," anatero Kasipanala. "Kapena mwaiwala kwanu komwe?"

Anaipeza yekha. Anayamba kukwecha ngati akulanga chitsulocho, parafini akutuluka m'tinjira tija atanyamula tizinyenyeswa tonyezimira. Koma manja a makaniko ali ndi chizolowezi chawo. Chala chake cholozera chinalowa m'bowo loyamba, n'kuzungulira m'milomo mwake. Chinaima. Chinapita pa bowo lina, kenako lina. Mayi anaona mapewa a mwana wawo akutsika pang'onopang'ono.

Mayi anadziwa chimene wapeza. Bowo lililonse linali losalala ngati m'mphepete mwa supuni. Pa chala chomwecho panali chipsera choyera. Ali mwana, Liwiro anapisa chala m'bowo longoboola kumene, chitsulo n'kumucheka mpaka pafupa. Bambo ake anathamanga naye kuchipatala atamunyamula, ovolosi ili oyilo yekhayekha. Kuyambira tsikulo sanasiyenso bowo lakuthwa, ngakhale la m'kati mwenimweni mosaona munthu, eni magalimoto angadandaule bwanji kuti akuchedwa. Ankangoti, mudikire, pali wina adzapisamo dzanja.



Liwiro anatembenuza buloko ija, napisa chala m'bowo lakumbuyo. Anachitulutsa msanga, akukoka mpweya m'mano. Kadontho ka magazi kanatuluka. Limenelo lokha linali lakuthwa. Ndi pamene ntchito ya bambo ake inaimira.

Kasipanala anang'amba kansalu koyera, n'kukaponya pabenchi osamuyang'ana.

"Kamuuze wa wilibalayo kuti lero ayi," anatero Liwiro.

"Kamuuzeni nokha. Munamuitana ndinu."

"Usasangalale. Sindinati yatsala. Ndati lero ayi."

"Ndipo zimene mwanena zija sindinaiwale."

Mayi anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anatunga madzi akumwa m'kapu, napita nawo kugeti. Anapepesa munthu uja chifukwa chomuyendetsa pachabe, ndipo iye anamwa, n'kuwapepesanso za maliro, nakankha wilibala yake yopanda kanthu.

Pobwerera anaima pakhomo la galaja. Kasipanala anali atagwira nyali, nkhope atalozetsa kukhoma. Liwiro anali atawerama, chala chomanga kansalu, akuyendetsa katupa kakang'ono m'milomo ya bowo lija, pang'onopang'ono, osafulumira.