Kumene Ulusi wa Ellah Unkapita

Ulusi wakuda unayamba kusowa m'nyumba mwa Ellah m'mwezi wa Juni. Unali ulusi wokhuthala uja amasokera zikwama za ana asukulu. Ellah anali telala ku Chikanda, mumzinda wa Zomba, ndipo ulusi wake ankaudziwa bwino. Utasowa koyamba anati mwina wangoiwala pamene anauika. Utasowanso, limodzi ndi singano yaikulu, mtima unayamba kumuuza zina.

M'nyumbamo ankakhala awiri okha, iye ndi mwamuna wake Prosper, ndipo ukwati wawo unali ndi miyezi isanu yokha. Prosper ankakwera nsanja za mafoni pamwamba pa phiri la Zomba. Sanalembedwe ntchito ndi kampani ya mafoni yeniyeniyo, koma ndi a Stambuli, kontilakitala amene kampaniyo inawapatsa ntchito yokonza nsanjazo. Masana aliwonse Ellah ankaimitsa makina, kutuluka pakhonde, n'kuyang'ana kuphiri kumene nsanja zinkabisala mu nkhungu. Ankadziuza kuti kadontho kena kakuda kumeneko ndi mwamuna wake.

"A Prosper, ulusi wanga mwauonako?"

"Ine ndi ulusi, wapi ndi wapi?" anayankha Prosper akuseka, koma maso ali pansi. Pachala chake panali timabala ta singano.

Ndiye akusoka chiyani? Akusokera ndani? Loweruka masana Ellah ananamizira kupita kumsika, n'kubwerera panjira. Anazungulira nyumba monyang'ama ndipo anamupeza Prosper kuseri kwa bafa atakhala pa njerwa. Pamiyendo pake panali lamba amene amadzimangirira naye kunsanja. Lambayo anali atang'ambika paphewa, ndipo Prosper ankamusoka.

"Mayo ine! Mumakwera ndi chimenechi?"

Ellah analanda lambayo, kukoka ndi manja awiri, ndipo ulusi unaduka pomwepo.

"Ulusi uwu ndi wonyamula makope a ana, osati chimunthu ngati inuyo!"

"Sindinafune kuti uzidandaula," anatero Prosper. "A Stambuli ndinawauza kawiri. Akuti wofuna lamba watsopano achoke, pageti pali ambiri ofuna ntchito. Mnzanga Medson anadandaulapo, lero akugulitsa mbatata ku Songani. Ndipo Lolemba tikukwera nsanja yaitali ija."

Kuseri kwa mpanda waudzu kunamveka kutsokomola. Anali Yvonne, mtsikana wa ku yunivesite amene ankachita lendi nyumba yoyandikana nayo. Anatulukira manja ali thovu lokhalokha.

"Pepani achemwali, mpandawu ndi wopyapyala. Alamu, mukudziwa kuti a Stambuli anasaina pepala asanapatsidwe ntchito imeneyi?"

"Pepala lanji?"

Yvonne anapukuta manja pa chitenje n'kutulutsa foni. Anafotokoza kuti makampani ambiri a mafoni ali ndi chikalata cha malamulo amene aliyense wowagulitsa katundu kapena wowagwirira ntchito amayenera kutsatira. Kafukufuku wake wa kusukulu anali woyerekeza zikalata zimenezi.

"Ndi chachinsinsi?" anafunsa Ellah akusendera pafupi.

"Ayi ndithu, chili poyera pa intaneti. Koma chili m'Chingerezi, ndipo okwera nsanja palibe amene anawaonetsa."

"Mapepala otere amangokhala mawu okoma," anatero Prosper.

"Ena ali choncho kumene. Cha kampani ina chimangoti 'timalemekeza anthu onse', basi. N'chifukwa chake chikalata chilichonse ndimachifunsa mafunso atatu. Kodi chikutchula ufulu wa wantchito mwachindunji? Kodi alipo amene amabwera kudzaona ngati zikutsatidwa? Kodi wantchito angadandaule kuti, osachotsedwa ntchito?"

"Nanga cha kampani yathuyi chikuti bwanji?"

Yvonne anawerenga akumasulira pang'onopang'ono. Zida zodzitetezera azipereka ndi wolemba ntchito. Tsiku lopuma likhalepo sabata iliyonse. Ana asalembedwe ntchito, ndipo wantchito asaletsedwe kulowa bungwe la apantchito. Munthu akhoza kukana ntchito yoika moyo wake pachiswe. Kumapeto kunali nambala yoimbira dandaulo popanda kutchula dzina.

Ellah maso anawala. "Popanda dzina? Ndiye a Stambuli sangadziwe woimba?"

"Atero pano. Koma musadalire nambala yokhayi. Lamulo la dziko lathu nalonso limati wolemba ntchito ateteze antchito ake. Pitaninso ku ofesi ya zantchito m'tauni muno, kuti nkhaniyi ilembedwe."

Prosper anatembenuza lamba uja. "Akandichotsa?"

"Ntchito ina tidzaisaka," anatero Ellah. "Koma inuyo wina ndikamusaka kuti?"

Madzulo omwewo anaimba nambala ija. Lolemba Prosper anakwera phiri ndi anzake awiri amene anawauza nkhaniyi. Atafika patsinde pa nsanja yaitali, anaika malamba awo pansi n'kunena mwaulemu kuti sakwera. A Stambuli anakalipa, koma anthu atatu odziwa ntchito sakanawachotsa tsiku limodzi. Ellah yekha anali atatsikira kale ku ofesi ya zantchito, chithunzi cha lamba wong'ambika chili mufoni. A Mateyu, amene anamulandira, analemba zonse ndipo anaimbira foni a Stambuli kuti pasapezeke wokwera kufikira zida zitaonedwa.

Masiku awiri anadutsa kuli zii. Ellah ankasoka mzere umodzi, kutuluka pakhonde, kubwerera, kutulukanso. Lachinayi galimoto ya kampani ya mafoni inakwera msewu wokhotakhota wa kuphiri, a Mateyu ali momwemo. Anayala zida zonse pa udzu n'kuziona chimodzichimodzi. A Stambuli anauzidwa kuti ntchito iima mpaka atabweretsa malamba ndi zipewa zatsopano, ndiponso kuti aliyense wochotsedwa chifukwa chodandaula abwezeretsedwe.

"Koma anaimba foni kukampani ndani?" anafunsa a Stambuli. Anyamatawo anangoyang'ana mitengo ya paini.

Sabata yotsatira Prosper anafika kunyumba ali ndi Medson, aliyense lamba watsopano paphewa. Prosper anati pa mpanda wa nsanja apachikapo chikalata chija, chitamasuliridwa m'Chichewa. Ellah anakoka lamba wa Prosper ndi mphamvu zake zonse, koma lambayo sanasunthe. Kenako anatenga sizasi n'kuduladula wakale uja.

"Ameneyu akhala zogwirira zikwama. Ndipo singano yanga mubweze, akuba inu."

Ngati mumagwira ntchito pansi pa kontilakitala, dziwani kuti ufulu wanu ndi wofanana ndi wa wantchito wina aliyense. Funsani chikalata chimene abwana anu anasaina ndi kampani yaikulu, muone ngati chikutchula ufulu wanu, amene amayendera, ndi kumene mungadandaule. Chida chodzitetezera chikang'ambika musachisoke mobisa. Kanenani ku ofesi ya zantchito musanakwere.