Lole ya Kukampu

"Fraser, tamva. Munthu sangagonenso m'nyumba ndi dzuwa ili," anatero a Sitima, akuingitsa ntchentche pakhomo ndi chipewa.

Fraser sanawayang'ane bambo ake aang'onowo. Maso ake anali pamsewu wochokera ku Migowi, pomwe pankangodutsa njinga za nkhuni.

"Kukampu analonjeza lole, bokosi ndi mbendera. Bambo atumikira usilikali moyo wawo wonse, ndiye tiwaike ngati munthu wamba?"

"Wambayo ndani? Ifeyo?"

Malemu a Davison, bambo ake a Fraser, anali sajeni woyang'anira katundu wa asilikali: ufa, mabulangete, mafuta a galimoto, mankhwala. Anabwera kudzadwalira kumudzi kwa akazi awo, m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo Ambuye anawaitana Lachiwiri. Tsopano linali Lachisanu. Amayi a Mvano anali ataimba mpaka mawu kusasa. Adzukulu anamaliza kukumba dzulo lake, ndipo anangokhalira mipini ya makasu n'kumang'ung'udza. Ngakhale Marita wa m'Baibulo uja, ndi chikhulupiriro chake chonse, anadandaula za fungo pamanda a mlongo wake.

Fraser anakwera njinga kukaimba foni ku Migowi. Anabwerako masana, malaya atanyowa, n'kulowa m'nyumba momwe mayi ake, a Eveles, anakhala pamphasa pambali pa mtembo. A Sitima anamutsatira.

"Akuti chiyani, mwanawe?" anafunsa a Eveles.

"Akuti lole yanyamuka, koma yayamba yapita kwa anyamata a kumalire. Ufa ndi mankhwala a malungo zawathera. Kuno ifika mawa, mwina mkuja."

"Mkuja!" A Sitima anamenya chipewa pabondo. "Abwera kudzaika ndani, mafupa?"

"Ndawakalipira, mayi. Ndati kale bwana ankangoloza lole, iyo n'kunyamuka. Kopulo wa kukampuko wandiyankha kuti zimenezo zinatha. Masiku ano lole sichoka yopanda katundu, ndipo imayambira komwe anthu alibe chakudya. Maliro, ukwati, ngakhale katundu wa bwana, zonse zimadikira." Fraser anapitiriza kuti, "Ndiye ndafunsa kuti chitsiru chinakonza zimenezi ndani."

"Wati ndani?"

"Wati ndi bambo. Akuti anakangana ndi mabwana mpaka kutsala pang'ono kutsitsidwa udindo."

A Sitima anaseka kuseka kowawa. "Ndiye Davison ameneyo! Wadzitsekera yekha chitseko, ife n'kumapsa ndi dzuwa kuno."

A Eveles anasalaza nsalu yofunditsa amuna awo.

"Alamu, pitani kwa kalipentala mukatenge bokosi lomwe lilipo. Muwauzenso abusa kuti tikunyamula lero."

"Mayi, popanda ngakhale msilikali mmodzi? Popanda mbendera?" anatero Fraser. "Anthu anena kuti chiyani?"

"Anena, atopa. Ukufuna lole itembenuke, ana a eni ake agone ndi njala chifukwa cha bambo ako? Iwo akadzuka pomwepa n'kukumenya khofi. Kumene apitako sakafunsidwa za mbendera."

Fraser anatuluka. Anakaima kuseri kwa nkhokwe, nkhonya zili m'matumba, mpaka bokosi la matabwa osapala bwino linafika panjinga ziwiri.

Atatsala pang'ono kukhomera chivundikiro, iye analowa kuchipinda n'kutulutsa majombo a bambo ake, opolishidwa mpaka kuwala.

"Awa okha apite nawo. Adziwike kuti anali msilikali."

Anawaika kumiyendo. A Eveles anawayang'ana, kenako anawerama n'kuwatulutsa. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, pomwe panaima mkulu wa adzukulu, mapazi ake ong'ambika atayera ndi dothi la kumanda.

"Tayesani awa, bambo."

Mkuluyo anabwerera m'mbuyo. "Iyayi, mayi, awa ndi a malemu."

"Malemuwo sankagona tulo akamva kuti jombo zangokhala m'sitolo, wina akuyenda chosavala. Valani."

Anavala. Majombowo anamukulira pang'ono. A Eveles anagwada n'kumumangira zingwe, ndipo panja amayi anayambitsa nyimbo yonyamulira.