Mbuzi Yotsiriza ya Kalilima United

Komiti ya Kalilima United inakumana Lachitatu masana pakhonde pa a Jonasi, chifukwa nkhani yake inali ya mbuzi, ndipo mbuziyo inali m'khola lawo. Inali itatsala imodzi yokha, yaikazi, yofiirira, bere lake lili pafupi kufika pansi.

Vincent, wapampando wa timu, mnyamata wokonza mafoni pa Mkanda, sanazungulire. Loweruka timu inkayenera kukasewera ku Chiosya. Inali italephera kale maulendo awiri chifukwa chosowa thiransipoti, ndipo akuluakulu a ligi anali atalemba kalata kuti ikajombanso kachitatu aichotsa. Mwini lole amafuna K90,000 kupita ndi kubwera. M'thumba la timu munali K6,000.

"Ndiye madala, mukudziwa kale chimene tabwerera," anatero Vincent, maso ali pansi.

"Ikuswa sabata ziwiri zikubwerazi," a Jonasi anayankha. "Ligi singadikire sabata ziwiri?"

"Ligi siidziwa bere, madala."

A Benedicta, akazi awo a Jonasi, amasenda mtedza chapatali pang'ono. "Itengeni, ana inu," anatero osadzutsa mutu. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikusesa ndowe za timu, koma chigoli changa sindinachimvepo."

Anyamata anaseka. A Jonasi sanaseke.

Mbuzi zimenezi zinayamba mu 1998, chaka chimene Kalilima inapambana mpikisano wa midzi isanu ndi itatu pabwalo la sukulu. Mphotho yake inali kamsoti ka mbuzi. Masiku amenewo mbuzi ya mpira siinkagona: inkaphedwa pomwepo, osewera n'kuotcha, ochemerera n'kulandira matumbo. Mchere unali utagulidwa kale. Koma a Jonasi, amene ankasewera nambala firii opanda nsapato, nsanza atakulunga pachidendene, anamanga chingwe cha mbuziyo m'chiuno mwawo n'kukhala pansi pakati pa bwalo. Anati wofuna kuizinga ayambe wazinga iwo. Anzawo anawatukwana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo kuyambira tsiku limenelo anawapatsa dzina loti Abusa.

Kamsotiko kanaswa, ana ake n'kuswanso. Chaka china m'kholamo munali mbuzi makumi awiri ndi zitatu. Mpira woyamba wachikopa unagulidwa ndi tonde mmodzi. Majeze obiriwira aja, amene a Jonasi anakawasankha okha pa kaunjika ku Chipata, anadya mbuzi zitatu, ndipo awiri mwa majezewo anali ndi nambala naini. Goloboyi atathyoka mwendo, ndalama ya mbuzi ndiyo inamugoneka kuchipatala. Nthawi imeneyo timu inkayenda panjinga, wina pakaliyala wina pachitsulo, oimbira mpira anali aphunzitsi a m'mudzi momwemo ndipo malipiro awo anali chikho cha thobwa. Khola linkadzaza msanga kuposa mmene mpira unkalidyera.

Zinasintha timu italowa ligi ya boma zaka ziwiri zapitazo. Panabwera ndalama yolembetsa, makhadi a osewera, oimbira atatu ofuna zawo mpira usanayambe, ndi maulendo akutali. Mbuzi zinatuluka imodziimodzi, atonde poyamba, kenako zazikazi. A Jonasi ankadziwa kuti iyi ikaphedwa, mtundu wa kamsoti kaja wathera pomwepo, ndipo timu idzatsala ndi manja okha.

"Ndikagulitsa ndekha," anatero a Jonasi pomaliza. "Pasapezeke wondiperekeza."

M'mawa mwake mbuziyo sanaimange pakaliyala monga amachitira ndi zinzake. Anaikoka pachingwe, wapansi, akuima pamthunzi uliwonse kuti ipume. Anafika pamsika dzuwa litakwera.

Woyamba kuwaona anali a Harold, opha mbuzi pachiwaya, amene kale ankamwetsa zigoli mu timu yomweyo. Ndiwo anali atagwira mpeni tsiku lija la 1998.

"Abusa! Mwatopa nako kuweta?" anafuula a Harold, akupukuta manja pa epuloni. "Ndakudikirani nthawi yaitali, achimwene. Mchere uja ndikadali nawo."

"Mimba yakulepheretsani kuthamanga, pakamwa pokha ndiye mpomwe patsala," anayankha a Jonasi.

A Harold anaigwira msana mbuziyo, anaitsina pachifuwa, anaipapasa m'mimba.

"Muli awiri umu," anatero motsitsa mawu. "Koma ine ndimagula nyama, Jonasi. Nayinte sauzande, chifukwa ndi ya timu yathu. Wina sakupatsani imeneyo."

Inali ndalama ya lole yeniyeni, osachotsa osawonjeza. A Harold anayamba kuwerenga, akunyambita chala. A Jonasi anayang'ana chiwaya chikuthetheka, anayang'ana mbuzi ikubudula khoko la nthochi pafupi ndi phazi lawo.

"Ndizungulire kaye," anatero.

"Muzungulira mpaka Loweruka, Abusa!"

Anazunguliradi. Ogula onse anali a mpeni. Dzuwa lili paliwombo anakhala pansi pa mtengo kuseri kwa ogulitsa matumba, ndipo mpamene mayi wina wachikulire, atasenza kathumba ka feteleza, anaima n'kuyamba kuiyang'ana mbuziyo m'kamwa ndi kumawere. Anati dzina lawo ndi a Consolata, a kutsidya kwa dambo. Anali atagulitsa mtedza ndipo ankafuna mbuzi yoweta.

"Koma ndalama yanga ndi yochepa, bambo. Fifite faifi basi. Ndisakutayitseni nthawi."

"Khola muli nalo, mayi?"

"Lam'mwamba. Anasiya malemu bambo akunyumba."

"Afisi?"

"Amangomveka kutali."

A Jonasi anafunsanso za madzi, za agalu, za ana oponya miyala, mpaka mayiwo anaseka. "Kodi mukugulitsa mbuzi kapena mukukwatitsa mwana?"

Pamenepo a Jonasi anawafotokozera zonse, kuyambira pa kamsoti. Ndipo anati alandira fifite faifiyo, koma pakhale pangano: mbuziyo ikaswa, mwana wamkazi mmodzi akaleka kuyamwa abwerere ku timu. A Consolata anavomera. Anaitana wogulitsa matumba kuti akhale mboni, ndipo anagwirana chanza.

Vincent atamva, anagwira kumutu. "Madala, mwasiya nayinte n'kutenga fifite faifi? Anyamata ndikawauza chiyani? Akwere pangano?"

"Kamufunse mwini lole kuti kupita kokha ndi zingati."

"Nanga pobwera?"

"Njinga zikwere nawo lole. Miyendo ikufunika popita. Pobwera ngakhale itafa, mpira watha."

Mwini lole anavomera K50,000, popeza anali ndi katundu wokatenga chakonko. Loweruka m'mawa lole inanyamuka ndi a Jonasi ndi osewera khumi ndi asanu, njinga zisanu ndi zinayi zitasanjikizana kumbuyo, anyamata akung'ung'udza kuti timu ya ligi siyenda ngati anthu opita kumaliro. Ku Chiosya anagonja 2-1. Pobwerera anapalasa mosinthana, wotopa n'kukhala pakaliyala, ndipo a Jonasi, amene ananyamula goloboyi njira yonse, anawaphunzitsa nyimbo imene timu inkaimba kale pokwera zitunda. Poyamba anaiseka kuti ndi yachikale. Atadutsa mlatho wachiwiri onse anali akuimba. Dzina la Kalilima linakhalabe mu ligi.

Patatha sabata zitatu a Jonasi anapalasa kupita kutsidya kwa dambo. Anapeza a Consolata akuanika mphale. Mayiwo atawaona anapukusa mutu, akumwetulira mwachisoni.

"Bwerani mudzaone nokha, bambo, mungati ndabisa."

Pansi pa khola panali tiana tiwiri tonenepa, kena kofiirira kena kamawanga, tikulimbirana bere la mayi wawo. A Jonasi anagwada, anatukula koyamba n'kukayang'ana kunsi, anatukula kachiwiri. Tonse tinali tiatonde.



"Pangano linali la wamkazi," anatero a Consolata. "Ngati mukufuna katonde, tengani kamodzi tithane. Apo ayi, mudikire bere lina. Ine sindithawa."

Katonde kakanalipira oimbira mpira masewero awiri kapena atatu, ndipo a Jonasi ankadziwa kuti Vincent akanasankha komweko. Bere lina linali kutali, mwina mvula ikadzagwa n'kutha.

"Tidikira," anatero a Jonasi, akudzuka pang'onopang'ono atagwira bondo. "Koma tonde wodzakwera ndidzabwera naye ndine. Wa aneba anuwa ndamuona panjira, miyendo yake siinandisangalatse."