Chidindo cha Kamphepo

"Munthu amene wayendetsa lole zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, nadutsa malire a mayiko asanu ndi anayi, sangaope zilembo!" Anatero Bwana Matayala, akudziguguda pachifuwa pamaso pa mkazi wake ndi mlamu wake.

Nkhani yake inali yotere. Mwana wawo wamkazi wazaka zisanu ndi ziwiri, amene aliyense ankamutcha Kamphepo chifukwa sankakhazikika pampando, ankaphunzirira pakhomo. Mayi ake, omwe kale anali mphunzitsi, ndiwo ankamuphunzitsa patebulo lodyera. Koma tsopano anali ndi pakati potopa, ndipo adokotala anawalamula kugona mpaka atachira. Mkulu wawo, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina yakutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, anabwera kudzawazonda. Anatsegula kope la mwanayo, napukusa mutu.

"Taonani apa," anatero alamuwo. "Nbuzi. Ngombe. Nkuku. Khola lonse lapunduka! Mwanayu ndimutenga, akakhale kwathu, akalowe m'kalasi ngati anzake."

"Alamu, ndipatseni masabata awiri."

"Inuyo? Kodi sukulu munalekera pati?"

"Ndinalekera pomwe inandilekera. Koma ine ndinayamba ndi jeke imodzi ndi sipanala yopindika, lero shopu yanga ya matayala ili ndi zitseko zitatu. Ndilephere kamwana kangaka?"

Anapangana. Loweruka la sabata yachiwiri alamu adzabweranso ndi mawu makumi awiri. Mwana akadzalakwa oposa atatu, adzanyamula chikwama. Bwana Matayala anaseka mokweza powaperekeza, koma pobwerera anaima pageti kanthawi. Panali pomwepo pamene Kamphepo ankamuchingamira madzulo aliwonse, n'kumulanda makiyi.

Lolemba anamutenga kushopu. Anamuikira tebulo pakati pa milu iwiri ya matayala, pomwe fungo la labala limakhala ngati mwini malo, ndipo anakhoma pakhoma katoni yomwe mayi ake analembapo malamulo. B ndi p zimatsogoleredwa ndi m, osati n. Ng'ombe ili ndi kachizindikiro kake pamwamba. Nkhuku, nthochi ndi mphaka sizisiya h.

Anayamba ndi kufuula malamulowo monga amachitira pophunzitsa madalaivala atsopano kubweza lole chammbuyo. Kenako anawasandutsa nyimbo, akuomba ng'oma patayala. Kamphepo anaiimba bwino kuposa mwini wake, natenga pensulo, nalembanso "nbuzi". Kuti amupumitse, ankamusimbira za maulendo ake: chipululu chomwe dzira limapsa pabonati ya lole, doko lomwe makina okweza katundu amagunda mitambo, phiri lomwe anatsika usiku wonse mabuleki akununkha. Zimenezo mwana ankazisunga zonse, osataya ngakhale chimodzi. Lachisanu anamuyesa: mawu khumi ndi limodzi olakwika.

"Tikuyenda bwino zedi," anauza mkazi wake.

"Bambo a Kamphepo," anayankha mayiyo ali chigonere, "pakamwa panu ndimapadziwa. Bweretsani kopelo."

Lolemba linalo, Bwana Matayala ankalemba chidziwitso choti akhome pachitseko, chouza makasitomala kuti Loweruka sadzatsegula. Kamphepo anasuzumira pansi pa mkono wake.

"Ababa, pa 'nthawi' mwaiwala h."

Anayang'ana. Zoonadi. Anamuyang'ana mwanayo, amene dzulo lake lomwelo analemba "ntochi" kawiri konse, ndipo anakumbukira mayi wina wapachipata cha malire amene anamugoneka masiku atatu padzuwa, lole yodzaza, chifukwa chilembo chimodzi papepala sichinkagwirizana ndi chinzake. M'maulendo ake onse anaonapo madalaivala oiwala, makalaliki oiwala, ngakhale mabwana oiwala. Koma munthu wogwira chidindo n'kuphonya cholakwa cha mnzake? Sanamuonepo!

Anaimika matayala awiri, nagoneka thabwa pamwamba pake. Anamuveka mwanayo chipewa chake chakale cha udalaivala, chomwe chinatsikira mpaka m'makutu, namupatsa chidindo cha shopu ndi kabokosi ka inki.

"Kuyambira lero ndiwe bwana wapachipata. Pepala lolakwa lisadutse. Ndipo ukabweza munthu, umuuze lamulo lake."

Anapita kuseri, nalemba liwu pakapepala, nabwera akugubuduza tayala, akulira ngati injini yokwera chitunda.

"Imani!" anatero Kamphepo. "Dalaivala, mwanyamula chiyani?"

"Nkhuku, bwana."

"Nanga h ili kuti?"

"Yagwa panjira, bwana. Msewu wake ndi wamaenje."

"Bwererani mukaitole!"

"Ha, bwana, ndachokera kutali, ana anga sanadye. Landirani kangachepeka." Anatulutsa switi m'thumba.

Kamphepo analandira switiyo, naiponya m'kamwa. "Ziphuphu kuno ayi. Bwererani."

Bwana Matayala anaseka mpaka kukhala pansi. Ngakhale zimenezo anali ataziona m'mayiko atatu.

Sabata yonseyo anagubuduza matayala mpaka msana kuwawa. Makasitomala odikira kuti awamatire chubu ankaimirira kuonerera, ena n'kupempha kapepala kawo kuti ayese mwayi. Mkulu wina wa minibasi anabwezedwa kanayi, nachoka akung'ung'udza kuti m'masiku awo ng'ombe zinkayenda popanda zizindikiro. Zolakwa zambiri Bwana Matayala ankachitira dala. Zina sanachitire dala, koma zimenezo sanauze munthu.

Lachinayi anamuyesanso, ali ndi chikhulupiriro chonse. Zolakwa zisanu ndi ziwiri. Mwana wogwira wakuba aliyense pachipata, akangogwira yekha pensulo ankathamanga ngati akumuthamangitsa. Bwana Matayala anakakhala m'mphepete mwa bedi la mkazi wake, chipewa chili m'manja.

"Ndamva kuti mapepala a tauni yonse akudindidwa," anatero mayiyo. "Nanga mapepala a bwana wapachipatayo amawaona ndani?"

Bwana Matayala anadzuka ngati walumidwa ndi nyerere. Anatsala ndi Lachisanu lokha, ndipo analigwiritsa ntchito lonse.

Loweruka alamu anafika chakumadzulo, navala magalasi, nayamba kutchula mawu patebulo lodyera. Kamphepo ankalemba lilime lili panja, mwendo ukugwedezeka. Bambo ake anaima kumbuyo kwake, manja kumsana, akuwerenga zolakwa mumtima. Chimodzi. Ziwiri. Pofika liwu lomaliza zinali zisanu zomwe iye anaziona, osawerengera zomwe sakanatha kuziona.

Alamu anatambasula dzanja. Kamphepo anaphimba pepalalo ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Dikirani, amayi aakulu. Silinadutse pachipata."

"M'mayeso mulibe chipata, mwanawe. Bweretsa."

"Alamu," anatero Bwana Matayala, mawu ake atatsika kuposa masiku onse, "kodi ana anu simuwauza kuti aziwerenganso asanapereke?"

"Ndimawauza chaka ndi chaka. Palibe amene amamva."

"Ndiye uyu wamva."

Alamu anayang'ana wotchi yawo. "Mphindi zisanu."

Kamphepo anatulutsa chidindo m'thumba la diresi, nachiika patebulo. Nkhope yake inasintha, inakhala ya munthu amene sanaonepo pepalalo chibadwire ndipo sakukhulupirira mwini wake. Anaika chala pa liwu loyamba, natsika pang'onopang'ono, akunong'ona. "Dutsani. Dutsani. Imani! Ndani wakuuzani kuti n atsogolere b?" Anafufuta, nalemba. Anatsikanso. Anafufutanso. Atafika pansi anapumira chidindocho mpweya, nachimenya papepala mpaka makapu kulira.

Alamu anachonga ndi cholembera chofiira, osafulumira, ngati munthu wofuna kupeza kanthu. Anawerenganso kachiwiri. Anavula magalasi.

"Ziwiri," anatero. "Akhale. Koma mwana akabadwa ndibweranso, ndipo ulendo umenewo ndidzafunsa masamu."

"Masamu!" Bwana Matayala anakuwa, chifuwa chitabwerera m'malo mwake. "Alamu, mukulankhula ndi munthu amene ankadziwa kulemera kwa katundu pongomvera kulira kwa masipuling'i a lole! Ine amene..."

"Bambo a Kamphepo," anaitana mkazi wake kuchipinda, akuseka, "mkulu wanga wayenda kuyambira mbandakucha. Tayikani madzi pamoto, zamasipuling'izo adzamvera akumwa tiyi."

Anapita kukhitchini akuimba mluzu. Kumbuyo kwake anamva Kamphepo akukoka mpando, akufunsa amayi ake aakulu ngati angalembeko mawu asanu okha, kuti aone ngati mphunzitsi wamkulu angadutse.