Nyemba za Pansi pa Phulusa

Pa munda wa banja lina panalibe chinthu chotchedwa chinyalala. Makoko a nthochi, ndowe za mbuzi, udzu wopalira, phulusa la kukhitchini, zonse zinkapita pa milu ya manyowa kuseri kwa khola. Feteleza ndi mankhwala ogula sizinkaponda n'komwe pakhomopo. Mtengwa, amene anali atangotha miyezi inayi chikwatiwireni ndi mwana wamwamuna wa pamenepo, lamuloli analitenga mwamphamvu kuposa eni ake, pofuna kuti apongozi ake aone kuti sanabwere kudzangodya.

Ndiye tsiku lina akusesa m'chipinda cha makasu anapeza chitini chachikulu chodzaza phulusa. Anadabwa kuti anthu osamala chonchi angaiwale bwanji phulusa labwinobwino. Anakalikhuthula pa mulu, n'kukwirira ndi udzu, chitinicho n'kuchitsuka mpaka mbee. Tsiku lonselo anayenda modzimva.

Patatha milungu itatu, mitambo itayamba kusonkhana, apongozi aja analowa m'chipindamo n'kutuluka atanyamula chitini chopanda kanthu.

"Nyemba zanga zili kuti?"

"Nyemba ziti, amayi? Munali phulusa lokhalokha."

"Pansi pa phulusapo! Kodi anankafumbwe timawathamangitsa ndi chiyani pano?"

Mtengwa ankaidziwa mbiri ya nyembazo: zofiira zamawangamawanga, zimene malemu apongozi ake aamuna ankasankha chaka ndi chaka, kwa zaka makumi awiri, mpaka zitazolowera dothi lopanda feteleza. Kusitolo kunalibe, kwa aneba kunalibe. Ndipo iye anali atazithira pa mulu wa manyowa, umene ukamaola bwino umatentha mkati moti mbewu yolowamo simeranso.

"Unathira pa mulu uti?" anafunsa mayiwo, mawu ali pansipansi, zimene zinali zoopsa kuposa kukalipa.

"Wakumapeto, pafupi ndi mpanda."

Milu inalipo itatu. Iwiri inali ya mayiwo, yothiriridwa ndi kutembenuzidwa pa nthawi yake, yofuka nthunzi m'mawa uliwonse. Wakumapetowo unali wa mwamuna wa Mtengwa, amene pakhomopo ankamutcha Mawa, chifukwa ndilo tsiku limene ankagwira ntchito zake zonse.

Anamupeza akunola chikwanje pamthunzi.

"Iwe, mulu wako uja unauthirira liti?" anafunsa mayi ake.

Mawa anadzikanda kumutu. "Amayi, ndimati ndithirire sabata ino..."

"Ndikufunsa kuti liti."

"Kunena zoona, chiunjikireni sindinaukhudzepo."

Mayiwo anapita pa muluwo, anapinda mkono wa malaya, n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono. Mtengwa anaima kumbuyo kwawo. Ataona mapewa a apongozi ake akugwedezeka, anati basi, akulira, zatha. Koma ayi, ankaseka.

"Wozizira ngati mphuno ya galu! Wouma gwa! Mwana wanga, ulesi wakowu lero watipulumutsa."

"Mwamva nokha," anatero Mawa, akutukumula chifuwa kwa mkazi wake. "Ine ndimadziwa chimene ndikuchita."

"Tseka pakamwa, katenge sefa," anatero mayi ake.

Atatuwo anagwada n'kuyamba kuchotsa udzu pang'onopang'ono ndi manja, kuopa kuti khasu lingaswe mbewu. Phulusa analipeza pomwe linagwera, losanyowa ngakhale pang'ono. Atasefa, nyemba zinayamba kugubuduzika m'sefamo, zotuwa koma zathunthu. Za m'mphepete nkhuku ndi mbewa zinali zitatolako gawo lawo. Mayiwo anapukuta imodzi pa malaya, anailuma, n'kugwedeza mutu kuti ili moyo. Zonse pamodzi zinakwana mbale ziwiri zodzaza, zokwanira kudzala ndime yonse ya kumunsi.

Apo m'pamene Mtengwa anakhala pansi pomwepo, pa ndowe ndi udzu, misozi ili chuchuchu, osadziwa ngati akulira kapena akuseka. Mtima unali utakhala m'malo, koma manyazi anali akadalipo.

"Amayi, pepani. Ndikanapha ntchito ya abambo."

"Wolakwa ndine," anatero apongozi ake. "Ndinakuphunzitsa kotaya phulusa, osakuuza kuti lina limalondera mbewu."

Ananyamula mbale imodzi n'kuiika pamiyendo pa Mtengwa.

"Izi kasunge kunyumba kwako. Ine ndikukalamba, ndayamba kuiwalaiwala. Zanga zikadzatayika, ndidzabwera kudzapempha kwa iwe."

Mtengwa anayang'ana nyembazo, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndithiremo phulusa lochuluka bwanji, amayi?"